Ming'alu ya Nambala 14

Ukatsika minibasi pa Ulongwe usaime. Akabaza akukoka malaya. Dutsa kuseri kwa ogulitsa chimanga, utsate kanjira kolowera kwa Kalembo. Fumbi. Milambe iwiri. Mjigo wakufa. Kenako utsi. Pamenepo ndiye pa shedi ya mbaula.

Amayi makumi awiri ndi awiri amaumba pamenepo mbaula zadongo, zija zosadya nkhuni zambiri. Kampani ina ya ku Blantyre imatumiza lole kawiri pamwezi. Imanyamula, imapita. Kumene zimakathera mbaulazo palibe amafunsa.

Zulfa anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pantchitoyo. Mkazi wamtali, wosalankhulalankhula. Mwamuna wake, Swaibu, anali ku Joni chaka chachitatu, kusoka makatani m'shopu ya mwenye. Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti ankaimba foni. Ankafunsa za Binti, mwana wawo. Ankafunsa za mbuzi. Ankati chaka chamawa ndibwera.

Dongo lili ndi lamulo lake, ndipo pa shedipo aliyense ankalidziwa, Msilamu ndi Mkhristu yemwe. Mkazi amene wagona ndi mwamuna ndi wotentha. Wotentha sakhudza dongo, sayandikira uvuni. Akatero zoumba zimang'aluka. Ndiye tsiku loumba, mayi wapabanja ankangofika n'kunena kuti, "Lero ine ndine wa nkhuni." Anzake ankaimba nthungululu, ena kumugunda m'nthiti. Iye n'kutenga nkhwangwa, akuseka.

Zulfa sanapiteko kunkhuni zaka zitatu. N'chifukwa chake ndiye ankalongedza mu uvuni.

"Abiti Jasten ndi firiji," ankatero Chrissie, wanthabwala wa pa shedipo, pomutchula ndi dzina la bambo ake. "Muwasiye pafupi ndi thobwa, lizizire."

Mbaula ikang'aluka masiku amenewo, inali ya onse. Inalibe dzina. Ankanamizira wanjinga amene anadutsa pafupi, n'kutaya mapalewo kudzenje.

Bokosi linabwera mu Meyi.

Analibweretsa Kevin, mlangizi wa kampani, bambo wa njinga yamoto ndi nsapato zoyera zimene ankazipukuta akangotsika. Bokosilo linali lalikulu ngati khola la nkhunda. Loyera mkati, magetsi a sola, makamera atatu, ndi mbale yozungulira pakati. Umaikapo mbaula yowotcha kale. Mbale imazungulira. Makamera amajambula.

"Zithunzi zimapita pa netiweki kumakompyuta aakulu, kunja," anafotokoza Kevin. "Timati kumtambo. Kumeneko makina amaziyerekeza ndi zithunzi zina zikwizikwi. Amaona mng'alu umene diso lanu silingauone, wochepa kuposa tsitsi. Nyale ikayaka yobiriwira, mbaula ikukwera lole. Ikayaka yofiira, iyayi."

"Nanga netiweki ikapita kumaliro?" anafunsa Chrissie.

"Tidikira ibwereko."

Aliyense anapatsidwa kachidindo ka nambala, koti azidinda pansi pa mbaula dongo likadali lofewa. Zulfa anapatsidwa 14.

Bokosi linkafuna malo amthunzi, opanda fumbi. Malo otero pa shedipo anali amodzi, pakati penipeni, pamene Zulfa ankaumbira ndi kuyanika. Mayi Gladys, apampando a gululo, anamuyang'ana. Iye sanadikire kupemphedwa. Ananyamula chikombole chake n'kupita kumapeto, mbali ya kumadzulo, kumene mpanda wa bango unathera panjira. Kumeneko dzuwa la masana limalowa mpaka pabenchi. Mphepo nayo imalowa osaodira.

Anaona yekha kuti mbaula zake zikuuma mothamanga. Ankazifunda masaka. Mphepo inkafundukula. Akabwera m'mawa ankapeza milomo yake yayera kale pamene za anzake zikadali zakuda. Sanadandaule. Anati mpanda adzakonza.

Kumapeto kwa Ogasiti Kevin anabwera ndi pepala. Anali wosangalala. Analimata pamzati wapakati ndi selotepi, amayi atazungulira, manja ali dongo lokhalokha.

Papepalapo panali manambala makumi awiri ndi awiri, iliyonse ndi mzere wake. Mizere yambiri inali yaifupi, yobiriwira. Umodzi unali wofiira, wautali mpaka kumphepete kwa pepala.

"Mwaona ubwino wake?" anatero Kevin. "Kale timangoti zikusweka, zikusweka. Pano tikudziwa. Nambala 14, pa mbaula handiredi zilizonse, fote wani zili ndi ming'alu. Miyezi itatu yotsatizana. Ndiye tikudziwa poti tithandize. Nambala 14 ndi ndani?"

Nkhuku inadutsa pakati pawo.

"Ndine," anatero Zulfa.

"Musadandaule, mayi. Si mlandu. Pali chinachake chimene mukuchita mosiyana ndi anzanu, basi. Tichipeza."

Wina kumbuyo anatsokomola. Wina anabisa kukamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Achimwene," anatero Mayi Gladys pang'onopang'ono, "makinawa sangalakwitse?"

"Iyayi. Awa sanama, amayi. Sadziwa munthu, sakondera. Amangonena zimene aona."

Anakwera njinga yake. Anali ndi shedi ina yokayendera kwa Kawinga dzuwa lisanapendeke.

Mawa lake Zulfa anapeza kuti ndowa yake ya madzi aisuntha, aiika payokha. Lachinayi linali tsiku lolongedza. Atanyamula mbaula yoyamba kulunjika ku uvuni, Mayi Gladys anaima kutsogolo kwake.

"Lero mupume, anzathu. Alongedza a Judith."

"Ndalakwa chiyani, amayi?"

"Palibe wati mwalakwa."

Chrissie anali pabenchi, akukanda dongo. Sanadzutse mutu.

"Koma magetsi a masiku ano," anatero. "Firiji imazima anthu osadziwa. Umangoona nyama yanunkha."

Ena anaseka. Ena anayang'ana pansi.

"Chrissie, nenani bwinobwino," anatero Zulfa.

"Ine? Ndanena za firiji, mayi. Kapena muli nayo?"

"Ndi dzuwa," anatero Zulfa. "Bwerani mudzaone pamene ndimayanika. Ndi dzuwa ndi mphepo."

"Dzuwa lomweli limawalira tonse," anatero wina.

Lachisanu foni sinalire. Zulfa anaiika pawindo, pamene netiweki imagwira. Anasenga madzi. Anachapa yunifomu ya Binti. Foni ili zii. Loweruka m'mawa kunalowa uthenga wa mawu, pamodzi ndi chithunzi. Chinali chithunzi cha pepala lija, mzere wofiira utazunguliridwa ndi cholembera. Wina analijambula. Linafika ku Joni msanga kuposa basi.

"Mayi a Binti," anatero mawu a Swaibu. Kumbuyo kunkamveka mashini osokera. "Ine kuno anthu akundiseka. Akuti ngakhale kompyuta ya azungu yadziwa. Miyezi itatu. Ndiuzeni dzina lake, basi. Sindikufuna zambiri."

Zulfa anamuimbira. Sanayankhe. Anaimbanso. Foni inali yotseka.

Kevin anabwera Lachiwiri. Zulfa anamudikirira pa mlambe, asanafike pa shedi. Anagwada m'mbali mwa njira. Kevin anazimitsa njinga mwamanyazi.

"Dzukani, mayi, chonde. Ine si bwana."

Anamuuza zonse. Za kutentha, za nkhuni, za Swaibu. Kevin anayamba kuseka, kenako anaona nkhope yake, n'kusiya.

"Koma zimenezo n'zosatheka. Dongo silidziwa zimenezo."

"Ine ndikudziwa chimene chikung'alula. Ndi malo. Afunseni makinawo anene kuti ndi malo."

Kevin anatulutsa tabuleti yake. Anapalasapalasa ndi chala. Anamuonetsa mbaula yake itakuzidwa, mng'alu wopyapyala utajambulidwa mofiira kuchokera pamlomo kutsika. Zulfa anauyang'ana. Unalipodi.

"Amadziwa nambala ya woumba," anatero Kevin. "Amadziwa tsiku, uvuni, dambo limene munakumba dongo. Koma poyanika... palibe polemba zimenezo. Sanaikemo."

"Ziikenimo."

"Si ine ndimaika. Ndiyenera kulembera ku ofesi. A ku ofesi alembere amene anapanga, kunja. Amayankha, koma mwina Disembala."

"Disembala ine ndidzakhala ndani?"

Kevin anayang'ana nsapato zake.

Maganizo anabwera kwa Zulfa yemwe. Munthu mmodzi ayanike mbaula zake kumapeto kuja sabata imodzi. Zikang'aluka, aliyense aona. Anapita kwa Mayi Gladys.

"Ine?" anatero Mayi Gladys. "Kuti nambala yanga ifiire? Simunamve kuti wofiira miyezi inayi amupumitsa? Ndili ndi ana asanu, mwana wanga."

Anapita kwa Judith. Judith anati amuna ake sangalole. Anapita kwa ena atatu. Mmodzi anamuuza mosabisa kuti pabenchi imeneyo sangakhalepo ngakhale atamulodza, pakuti sadziwa chimene chinakhalapo.

Panatsala njira imodzi. Aumbe yekha mbaula makumi awiri, aziyanike pamthunzi, makina aweruze. Mayi Gladys analola, pokhapokha aziwotchere payekha, mu uvuni wakale.

Anaumba masiku anayi. Dongo lomwelo, chikombole chomwecho. Ankasenza imodziimodzi pamutu, zili zofewa, mpaka kunyumba kwake, mtunda wa kilomita ndi theka. Anatulutsa mphasa ndi katundu m'chipinda chake, n'kuzindandalika pansi. Anatseka windo ndi chiguduli. Anazifunda masaka onyowa. M'mawa uliwonse ankazitembenuza, kuzisisita ndi nkhulungo, kamwala kosalalitsira, kuzinunkhiza. Binti ankafunsa ngati ndi alendo.

Masabata atatu. Swaibu sanaimbe. M'malo mwake kunabwera uthenga kwa amalume ake a Zulfa, a Usumani, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Akuchimuna afika kuchokera kwa Kawinga Lamlungu lachiwiri la Okutobala. Akonzeke.

Anawotcha yekha. Nkhuni anatola yekha. Moto utazima anadikira masiku awiri, n'kufukula. Zinatuluka zofiirira bwino, zolira ngati belu ukazigogoda.

Tsiku loyeza netiweki inasowa mpaka masana. Amayi onse anali pomwepo, akunamizira kugwira ntchito. Itabwera, Zulfa anaika yoyamba pambale. Inazungulira. Kanthawi. Yobiriwira. Yachiwiri, yobiriwira. Yachisanu. Yakhumi. Ya makumi awiri inachedwa, kachizindikiro kakungozungulira pagalasi. Kenako yobiriwira.

Kevin anawomba m'manja. "Twente pa twente! Palibe anafikapo apa."

Zulfa anatembenuka kuyang'ana anzake. Ankayembekeza kanthu. Mwina nthungululu. Mwina wina kunena pepani. Mayi Gladys anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankaziganizira kale. Chrissie anapitiriza kukanda dongo.

Zulfa sanamvetse. Anapempha Kevin kuti asindikize pepala, ndipo abwere nalo yekha Lamlungu.

Anakhala pakhonde la a Usumani, m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Amuna pamipando, akazi pamphasa. Akuchimuna anatsogozedwa ndi a Zubairu, mkulu wake wa Swaibu, wogulitsa nandolo, munthu wodekha wa kandevu kometa bwino. Anaika foni pampando wopanda munthu, n'kuitsamiritsa pa kapu. Swaibu anali mmenemo. Nkhope yake inkaima, n'kuyendanso.

Atapatsana salamu, a Usumani anati mwana wawo ali ndi mboni. Kevin anaimirira ndi mapepala awiri. Anafotokoza za chinyezi. Anati dongo likauma msanga kunja, mkati mukadali madzi, limakokana n'kung'aluka. Anafotokoza bwino ndithu. A Zubairu anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo.

"Zikomo, achimwene. Ife sukulu tinalekera panjira, ndiye mutikhululukire mafunso. Makina anuwa amanama?"

"Iyayi."

"Pepala loyambalo, lofiiralo, ndi loona?"

"Ndi loona, koma..."

"Lachiwirili?"

"Ndi loonanso."

"Chabwino. Pamapepala awiriwa, ndi pati pamene makina alemba kuti dzuwa?"

Kevin anatembenuza pepala, ngati kuti mwina kuseri kuli kanthu. "Sanalembe. Zimenezo ndikunena ndine."

"Mukunena ndinu. Inu munayamba mwaumbapo mbaula?"

"Iyayi."

"Pali wina amene anayanika pamalo pomwepo, zake n'kung'aluka?"

"Palibe amene analola."

A Zubairu anatembenukira kwa a Usumani. Sanakweze mawu.

"Che Usumani, inu ndi ine tinabadwa tikuona amayi athu akuumba miphika. Tiyeni tiwerenge limodzi. Miyezi itatu, palibe akudziwa kanthu, mbaula zikung'aluka. Nkhani yaululika. Mudzi wonse maso ali pakhomo pa alamu athuwa. Ngakhale khoswe sangalowe osaonedwa. Masabata atatu amenewo, mbaula twente, zonse zabwino. Tsopano mundiuze. Chinasiya kulowa m'nyumbamo n'chiyani? Dzuwa?"

Pamphasa wina anati, "Eeh."

Zulfa anayang'ana pepala lobiriwira lija m'manja mwa Kevin. Analisenza yekha pamutu, kilomita ndi theka, kamakumi awiri.

"Alamu," anatero, osadikira kupatsidwa mpata. "Zikanang'aluka mukanati chiyani?"

"Tikanati simunasiye."

"Ndiye ndikanatani kuti mundikhulupirire?"

A Zubairu anayang'ana foni.

"Ndilumbira pa Kurani," anatero Zulfa. "Bweretsani. Itanani ashehe. Bambo a Binti, mukundimva? Zaka zitatu ine ndakhala ngati mtengo. Ndiyang'aneni."

Nkhope ya pafoni inali itaima, kukamwa kuli kotsegula pang'ono. Anadikira. Mbuzi inalira kuseri. A Usumani ananyamula foni, kuikweza m'mwamba, kuibweza. Mawu anabwera nkhope isanayambe kuyenda.

"...ndamva zonse. Ine sindikuti ndinaona. Koma kuno sindingayende. Kumzikiti, kushopu, aliyense ali nacho chithunzi chija. Ngakhale mutalumbira, chithunzicho chifufutika? Achimwene, muwauze. Ndapereka talaka, banja latha. Kalata idzera kwa ashehe. Mwana ndizimuthandiza."

"Che Swaibu, taganizani kaye," anatero a Usumani. "Nkhani ya banja sitidula ngati..."

Foni inali itaduka kale.

Akuchimuna anatsanzika mwaulemu. Anakana tiyi. A Zubairu anapempha mashini osokera a mng'ono wawo amene anali m'nyumba, ndipo anawamangirira pa kabaza. Kevin anaima pafupi ndi njinga yake, akupinda mapepala, kuwapindanso.

"Mayi, ndilembera ku ofesi. Ndiwauza kuti aikemo malo oyanikira. Zikadzatuluka, aliyense adzaona."

"Adzaona ndani?"

"Ndikutanthauza kuti..."

"Pitani bwino, achimwene."

Lolemba Zulfa anapita kuntchito. Kunalibe kwina kopita. Anamupatsa benchi pakati, pafupi ndi bokosi, poti kampani inalamula kuti nambala 14 asabwererenso kumene anali. Amayi awiri oyandikana naye anasuntha mabenchi awo pang'ono. Chrissie sananene nthabwala iliyonse. Anamupatsa moni wa ulemu, wa mlendo, n'kupitirira. Ku uvuni ankalongedza Judith.

Mbaula zake zinapitiriza kutuluka zobiriwira. Okutobala yense. Novembala yense. Nyale yobiriwira ikayaka, wina ankayang'ana mnzake.

Mvula yoyamba itagwa, Kevin anabwera nsapato zili matope. Anamuitanira pambali. Sankamuyang'ana m'maso.

"Ku ofesi ayankha?" anafunsa Zulfa.

"Za malo zija, ati aziona chaka chamawa. Koma atuma zina. Ati nambala 14 ndi amene wasintha kwambiri pa mashedi onse a Balaka ndi Machinga. Kuchoka pa fote wani kufika pa ziro. Akufuna chithunzi chanu, mutanyamula mbaula, pafupi ndi bokosi. Cha mu lipoti la kwa eni makina. Kusonyeza kuti zikuthandiza."

Zulfa anayang'ana bokosi lija.

"Ndikakana?"

"Simukukakamizidwa. Koma andiuza kuti ndisabwerere chimanjamanja."

Zulfa anapukuta manja pachitenje. Anasankha mbaula imodzi pamulu, n'kukaima pamene anamulozera. Amayi anasiya kuumba. Mvula inkadontha pabowo la lata, kugwera paphewa pake. Kevin anakweza foni, anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, anaitsitsanso.

"Ati mumwetulire," anatero motsitsa mawu.

Zulfa anaonetsa mano.